Work, job, duty ndi "ntchito" yathu: mndandanda umene ukutinamiza

Pali mawu amene amamveka kawirikawiri pakati pa aphunzitsi a Chingerezi, omasulira zikalata za mabungwe, ngakhalenso ife amene tikuphunzira za zinenero. Amati Chingerezi chili ndi work, job, task, duty, labour, chore ndi responsibility, pomwe Chichewa chili ndi liwu limodzi lokha basi, ntchito. Akatero amapukusa mutu n'kunena kuti chinenero chathu n'chosauka. Manotsi ena a ana okonzekera mayeso a MSCE amatsimikiza zomwezi ndi mndandanda: kumanzere mawu a Chingerezi asanu ndi awiri, kumanja "ntchito" kuyambira pamwamba mpaka pansi, mwina penapake "udindo" kuti pasachititse manyazi. Mndandanda umenewu ndi umene ndikufuna kuutsutsa. Ukunamizira Chichewa, ndipo bodza lake silithera m'kalasi. Limatuluka n'kukafika pa msonkhano wa pansi pa mtengo ku Neno, pamene anthu akuuzidwa zoti achite ndi zimene alandire akachita.

Tiyambe ndi Chingerezicho, chifukwa kusiyana kwa mawu akewo n'kwenikweni ndipo mwana wa sukulu ayenera kukudziwa. Work ndi liwu lalikulu lophimba zonse, mphamvu imene munthu akutaya pochita chinthu, kaya alipidwa kaya ayi. Pa tanthauzo limeneli siliwerengeka, n'chifukwa chake ukalemba kuti ukufuna "a work" mphunzitsi amakuthetha. Ukaliikira s kumapeto lasintha: works ndi zomangamanga monga misewu ndi milatho, kapena mabuku onse a mlembi mmodzi. Job imawerengeka. Ndi malo amene munthu walembedwa, okhala ndi bwana ndi malipiro, komanso ikhoza kukhala kantchito kamodzi kokhala ndi poyambira ndi pothera. Task ndi chigawo chimene wina wakupimira kuti umalize. Duty ndi chimene uyenera kuchita chifukwa cha malo amene uli, ufune usafune. Labour imaloza thukuta, komanso antchito onse pamodzi akamawerengedwa ngati chinthu chogula pa msika. Chore ndi tintchito ta pakhomo tobwerezabwereza. Responsibility ndi chinthu chimene chikasokonekera adzafunsidwa ndiwe.

Mbiri ya mawuwa imathandiza kuposa matanthauzo oloweza. Duty inachokera ku due, kutanthauza chimene uli nacho ngongole. N'chifukwa chake msonkho umene wamalonda amalipira pa chipata cha Mwanza nawonso umatchedwa duty. Task ndi tax ndi pachibale, onse anachokera ku liwu limodzi la Chilatini, taxare, kuyesa mtengo wa chinthu. Za job ndiye n'zoseketsa. Mu dikishonale yake ya mu 1755, Samuel Johnson anaifotokoza ngati kantchito konyozeka kongopezeka mwamwayi. Ndiye kuti job imene lero mnyamata wa digiri akuisaka ku Lilongwe, envulopu ya khaki ili m'manja, inayamba ngati ganyu. Mawu a Chingereziwa sanagwe kumwamba atasanjidwa kale. Anakula ndi misonkho, mafakitale ndi makhoti a eni akewo, ndipo amasiyanitsa zinthu zimene eni akewo ankakangana nazo.

Nanga ife tinkakangana pa chiyani? Funso limeneli mndandanda uja sulifunsa. Zoona, ntchito ndi liwu lotambalala, mwinanso kuposa work. Timati foni sikugwira ntchito, mankhwala agwira ntchito, ndagwiritsa ntchito khasu lako, zimenezo zilibe ntchito. "Ali pa ntchito" ikhoza kutanthauza kuti analembedwa, kapena kuti pakali pano sali pakhomo. Koma kutambalala kwa liwu limodzi si umboni wakuti palibe ena. Work nayo imatambalala chomwecho ndipo palibe amene amati Chingerezi n'chosauka. Wolemba mndandandayo anangotola liwu loyamba limene linamubwerera, n'kusiya ena amene amawagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku akafika kwawo.

Tiwatchule, ndipo tiwatchulire ku Neno. Boma limeneli, limene linapatulidwa ku Mwanza mu 2003, lili ndi nkhope ziwiri: kumunsi kotentha kwa Lisungwi, Zalewa ndi Matope, ndi kumtunda kozizira kwa Dambe ndi Nsambe kumene amalima mbatata ya kachewere ndi tirigu. Bambo wa kumunsi amene chimanga chake chapsa ndi dzuwa akapita kukapalira munda wa wina kuti alandire ndalama kapena ufa, sanena kuti wapeza ntchito. Amati akupita ku ganyu. Liwu limeneli, limene akatswiri ambiri amati linachokera ku ganho ya Chipwitikizi, limanena zambiri nthawi imodzi: n'zosakhalitsa, mtengo mwagwirizana pakamwa, mawa palibe lonjezo, ndipo nthawi zambiri munda wako womwe ukudikira pamene ukupalira wa mnzako. Akafika kumundako mwinimunda amamupimira ndime. Nayo task ija imene ankati tilibe. Chingerezi cha ku Malawi chimayesa kumasulira ganyu kuti piecework, koma ofufuza ambiri olemba m'Chingerezi anaona kuti sizikukwana, amangolemba ganyu momwemo. Ngakhale mafunso a kafukufuku wa mabanja wa National Statistical Office ku Zomba, amene amalembedwa m'Chingerezi, amalisunga liwuli osalimasulira. Apa wobwereka ndani, eti?

Pali dima, pamene anthu a m'mudzi asonkhana kulima munda wa mmodzi, iye n'kuwaphikira chakudya kapena mowa, podziwa kuti tsiku lina adzapita kwa mnzake. Pali zimene amachita adzukulu pa maliro. Kukumba manda m'nthaka youma ya mu Okutobala ndi thukuta loposa la mu ofesi iliyonse, koma kumudzi sungamve mdzukulu akunena kuti ameneyo ndi ganyu wake. Ndi udindo, ndipo woukana adzaona yekha tsiku limene maliro adzagwe pakhomo pake. Pali geni, ya amayi ogulitsa manachesi ndi tomato pa Zalewa, yopanda bwana ndiponso yopanda malipiro a pa mwezi. Palinso chibalo, chimene ana a sukulu amachidziwa ngati chilango chotchetcha udzu kapena kukumba dzenje. Tsidya lina la malire a Neno, ku Tete, chibalo linali dzina la ntchito yokakamiza ya boma la Apwitikizi, ndipo Charles van Onselen anatcha buku lake la mu 1976 lonena za antchito a m'migodi ya ku Southern Rhodesia ndi liwu lomweli, Chibaro.

Mukayala mawuwa pamodzi muona kuti Chichewa chimagawa munda womwewu, koma mizere yake yalowera kwina. Chingerezi chimasamala kwambiri ngati chinthucho chikuwerengeka ndiponso kukula kwake. Chichewa chimafunsa mafunso atatu: ukuchitira yani, chobwerera kwa iwe n'chiyani, nanga ungathe kukana? Pa ganyu ukuchitira mwini ndalama, ulandira lero, ndipo kukana ungathe ngakhale njala sikulola. Pa dima ukuchitira mnansi ndipo chobwerera ndi dzanja lake mawa. Pa udindo ukuchitira mbumba kapena mudzi, chobwerera ndi ulemu ndi malo ako pakati pa anthu, kukana n'kovuta. Pa chibalo kukana kulibe ndipo chobwerera kulibe. Womasulira akafafaniza zonsezi n'kulemba "ntchito", wachotsa mafunso atatu aja. Taganizani za wofunsa mafunso a kafukufuku amene wapatsidwa chiganizo chakuti "Kodi mumagwira ntchito?" Mayi amene wadzuka m'bandakucha, watunga madzi, wapalira, wagulitsa makala pa msewu, ayankha kuti, "Ayi, ine ndimangolima." Mayiyo sananame. Wamva job pamene wolemba funsoyo ankafuna work, ndipo pa pepala alembedwa ngati munthu wongokhala.

Amene akuganiza kuti iyi ndi mikangano ya anthu a mabuku akumbukire thangata. Kuthangata ndi kuthandiza, ndipo mneni ameneyu akadali moyo, makamaka m'chinenero cha kutchalitchi. Kale thangata linali thandizo limene munthu ankapereka kwa mfumu kapena kwa mnzake, podziwa kuti naye adzathandizidwa. Azungu atatenga malo aakulu ku mapiri a Shire kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, anatenganso liwuli n'kulimata pa chinthu china. Anthu okhala pa maesiteti ankayenera kugwira ntchito m'minda ya mwini esiteti m'malo mwa lendi, kuwonjezera pa ntchito yopezera msonkho wa nyumba, ndipo zimenezi zinkachitika nthawi ya dzinja pamene minda yawo inkafuna khasu. Nkhanza za thangata pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero ndi chimodzi mwa zimene zinautsa kuukira kwa John Chilembwe mu Januwale 1915. Lamulo la mu 1928 linalola kuti lendi ilipidwe ndi ndalama kapena mbewu, koma thangata linadzathetsedwa ndi lamulo mu 1962. J. A. K. Kandawire anaika funso lonse pa mutu wa buku lake la mu 1979: kodi thangata ndi ntchito yokakamiza kapena ndi kuthandizana?

Yankho lake n'lakuti linali zonse ziwiri, malingana ndi amene wagwira liwulo. Mwini esiteti anapeza liwu la ubale, lokhala kale ndi ulemu, n'kubisamo lendi. Munthu angakane bwanji kuthangata? Liwulo linawawa mpaka lero, moti ukanena kuti "ili ndi thangata" aliyense amamva kuti ukudandaula za kudyeredwa masuku pamutu. Phunziro la zinenero limene lili apa ndi lakuti chinthu chikachotsedwa m'gulu la ntchito yolipidwa n'kuikidwa m'gulu la udindo kapena thandizo, malipiro amasowa popanda wina kunena kuti wawachotsa.

Tibwerere ku Neno wa lero, kumene nkhaniyi ili ndi nkhope ya zaumoyo. Kuyambira mu 2007 bungwe la Partners In Health, lodziwika kuno kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, lakhala likugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo m'bomali. Lili ndi anthu oposa 1,000 a m'midzi amene amayendera mabanja khomo ndi khomo, kulondoloza odwala ndi kuwaperekeza kuchipatala, ndipo amalandira ndalama pa mwezi. Dzina lawo m'Chingerezi ndi community health worker, ndipo liwu lomalizalo, worker, lili ndi kulemera kwake. Pambali pawo pali alangizi a zaumoyo, ma HSA, amene ndi olembedwa ndi boma. Palinso gulu lachitatu limene limapezeka m'boma lililonse la Malawi: alezi a m'sukulu za mkombaphala, amayi a m'magulu olimbikitsa atsikana kusukulu, a m'makomiti a zaumoyo ndi a mijigo, amene zikalata zimawatcha volunteer. Kwa agogo amene akuwaona akudutsa ndi kabuku m'manja, onsewa ndi "azaumoyo" kapena "a bungwe". Koma wina ali ndi penshoni, wina ali ndi ndalama ya pa mwezi, wina ali ndi tisheti yokha.

Zikalata za Chingerezi zimasamala kwambiri pa malire amenewa. Zimasiyanitsa salary, wage, stipend, allowance, honorarium ndi incentive, chifukwa liwu lililonse lili ndi zotsatira zake pa lamulo ndi pa bajeti. Tsono mverani zimene zimachitika pa msonkhano wa kumudzi womasulira akaimirira. Volunteer amasanduka "wodzipereka", liwu lokoma, la kutchalitchi, limene munthu amachita manyazi kulifunsira mtengo. Duties zimasanduka "udindo wanu". Ndalama ija imasanduka "kangachepe", "ya sopo" kapena "kongokuthokozani". Mawu onsewa ndi Chichewa chabwino, palibe cholakwika pa galamala. Koma ngati pepalalo lili ndi masiku oti munthu aziyenda, mafomu oti adzaze, lipoti la pa mwezi ndi woyang'anira woti amufunse akajomba, Chichewa chili nalo kale dzina la chinthu chimenecho, ndipo dzinalo ndi ntchito. Mu 2018 World Health Organization inatulutsa malangizo akuti ogwira ntchito za umoyo m'midzi azilipidwa molingana ndi kuchuluka kwa zimene akuchita, ndiponso kuti olipidwawo azikhala ndi mgwirizano wolembedwa. Malangizo amenewo sangafike kwa mayi wa ku Magaleta ngati liwu limene wauzidwa likumuuza kale kuti kufunsa malipiro n'kupanda umunthu.

Udindo ndi liwu lina limene talisenzetsa katundu wambiri. Limamasulira duty, responsibility, role, obligation, komanso position. Timati wakwezedwa pa udindo, timati adindo achitepo kanthu, ndipo timati ndi udindo wa nzika iliyonse kusamala mjigo. Onani mmene limasinthira. Udindo wa wamkulu ndi mpando wokhala ndi galimoto ndi alawansi. Udindo wa wamng'ono ndi mtolo wopanda malipiro. Harri Englund, m'buku lake la mu 2006 lotchedwa Prisoners of Freedom, anaonetsa kuti kumasulira rights kuti "ufulu" kunachititsa kuti nkhani ya maufulu m'Malawi itsamire pa kumasuka, n'kufooketsa mbali ya zimene munthu wosauka ayenera kupatsidwa. Chiyambire 1994 takhala tikuimba kuti ufulu umayenda ndi udindo. Theka loyamba la mawu amenewa linafufuzidwa mokwanira. Theka lachiwiri likudikirabe wolifufuza, ndipo ndikuona kuti vuto lake n'lofanana: liwu limodzi likuphimba zinthu zimene zikanaonekera padera anthu akanafunsa mafunso.

Chitsanzo chapafupi ndi "ntchito yachitukuko", kuumba njerwa za sukulu, kututa mchenga, kulambula msewu. Ku Neno, kumene msewu wopita ku boma wakhala nkhani ya misonkhano ya ndale kwa zaka zambiri, anthu akudziwa bwino kulambula msewu ndi makasu awo. Lamulo lili ndi malire ake pa zimenezi. Gawo 27 la Malamulo Oyendetsera Dziko a mu 1994 limaletsa ntchito yokakamiza, ndipo Employment Act ya mu 2000 imabwerezanso chiletsocho. Pangano la International Labour Organization la mu 1930 lokhudza ntchito yokakamiza limapatula tintchito tating'ono tothandiza mudzi, koma limaika mfundo yakuti eni mudziwo kapena owaimira afunsidwe kaye ngati tintchitoto tikufunikadi. Ndiye kusiyana kwa chitukuko ndi chibalo kuli pa funso lachitatu lija: kodi anthu anafunsidwa, kodi akanatha kukana? Mlimi amene akung'ung'udza kuti "ichi ndiye chibalo" sakulankhula mwaumbuli. Akugwiritsa ntchito mzere womwewo umene akatswiri a malamulo ku Geneva anaujambula, ndipo akuutchula ndi liwu limodzi.

Wina anena kuti, nanga bwanji anamwino amati "ndili pa duty", alonda amati "shifiti", a pa njanji ankati "kontirakiti", achinyamata amati "vepi"? Kodi si umboni wakuti mawu akutiperewera? Pa mbali ina akunena zoona. Ntchito ya mawotchi, yosinthana usiku ndi usana, inabwera ndi mawu ake, ndipo "ndili pa duty" ili ndi tanthauzo limene "ndili pa udindo" silingapereke. Kubwereka kotere kulibe manyazi, Chingerezi chomwecho chinabwereka duty ndi task ku Chifalansa. N'zoonanso kuti Chichewa sichisiyanitsa ntchito yowerengeka ndi yosawerengeka mmene work ndi job zimachitira, ndipo mphunzitsi ayenera kuima pamenepo nthawi yaitali ndi ana ake. Chimene ndikukana ndi kulumpha kuchoka pa "Chichewa sichidula pamene Chingerezi chadula" kufika pa "Chichewa sichidula paliponse". Employment Act imazindikira mitundu itatu ya mgwirizano wa ntchito: wopanda nthawi yothera, wa nthawi yoikika, ndi wa task imodzi. Mlimi wa ku Ligowe mukamufotokozera kuti wachitatuwo uli ngati ndime, amva nthawi yomweyo. Mukamuuza kuti ndi "mgwirizano wa ntchito yapadera", mwamusokoneza ndi chinenero chake chomwe.

Tsono tichite chiyani? Kwa aphunzitsi, mndandanda uja utembenuzidwe. Tiyambe ndi ganyu, ndime, dima, geni, udindo ndi chibalo kumanzere, ana avutike kupeza Chingerezi chake kumanja. Adzaona okha kuti dima ifuna chiganizo chathunthu, ndipo kuchokera pamenepo kusiyana kwa job ndi duty kudzalowa mosavuta chifukwa kwamangidwa pa zimene akuzidziwa kale. Kwa olemba madikishonale, liwu kuyang'anizana ndi liwu sikokwanira. Dikishonale ya zinenero ziwiri, ngakhale yaikulu ngati ya Steven Paas, imathandiza womasulira kupeza mawu, koma kusankha pakati pa mawuwo kumafuna zitsanzo zochokera pakamwa pa anthu, zonena kuti akulankhula ndani ndipo akuuza yani. Ntchito yosonkhanitsa zitsanzo zotere ikuyenera a Centre for Language Studies ku Zomba, amene anatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja, pamodzi ndi ife ophunzira amene tikusaka mitu ya kafukufuku.

Kwa omasulira pa misonkhano, pempho langa n'laling'ono. Musanatchule "udindo" kapena "kudzipereka", werengani pepala lonse n'kudzifunsa mafunso atatu aja. Ngati muli maola, lipoti ndi bwana, nenani kuti ndi ntchito, kenako nenani poyera kuti malipiro ake ndi akuti, kapena kuti palibe. Anthu ambiri adzavomerabe, chifukwa kuthandiza mudzi akukudziwa kuyambira kale ndipo manda amakumba popanda wowalipira. Koma avomere akudziwa chimene akuvomera, monga amachitira pa ganyu, pamene mtengo wa ndime umakambidwa khasu lisanagwe pansi.